Kuchokera ku Ridgeway Kukafika ku Kanyama: Mbiri ya Sukulu ya a Welofeya mu Lusaka

Mukaima pachipata cha chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka n'kuponya maso tsidya la msewu, mumaona nyumba zakale za Ridgeway Campus, momwe anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera amalowa ndi kutuluka atakumbatira mabuku a zaudokotala. Mutawafunsa kuti nyumbazo anamangira yani, ambiri angakuuzeni kuti n'za madokotala chiyambire. Komatu madokotala ndi obwera pamalopo. Eni nyumba oyamba anali a welofeya, anthu ophunzira ntchito yosamalira ovutika, ndipo sukulu yawo inkatchedwa Oppenheimer College of Social Service. Ngakhale University of Zambia yonseyi, ndi ukulu wake wa lero, inabadwira m'zipinda zobwereka kwa a welofeyawo.

Kuti timvetse chimene sukuluyi inadzera, tiyambe ndi tauni imene inaipeza. Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo amene anaijambula papepala ankaganizira azungu. Munthu wakuda ankamuona ngati wantchito wongodutsa: agwire ntchito, akadwala kapena kukalamba abwerere kumudzi, abale akamusamale. N'chifukwa chake boma silinkaona chifukwa chowonongera ndalama pa umphawi wa m'tauni. Chimene chinkatchedwa welofeya ya anthu akuda chinali maholo a zisangalalo, mpira ndi kanema, ndipo ndalama zake zambiri zinkachokera ku phindu la mowa wogulitsidwa m'mabala a khonsolo. Bambo amwe, kuti mwana wake apeze bwalo la mpira.

Lamulo la nyumba la 1948 linalola kuti antchito okwatira azikhala ndi mabanja awo m'tauni, ndipo madera ngati Chilenje ndi Matero anakula ndi nyumba za khonsolo. Koma nyumbazo zinkayendera limodzi ndi ntchito. Wopanda bwana analibenso pogona. Otsalawo anakapempha malo m'mafamu ndi m'makwale a azungu m'mphepete mwa tauni, n'kumalipira kangachepe pamwezi kuti aumbe zidina. Maina a eni malowo alipobe mpaka lero: George, John Laing, John Howard. Chawama poyamba inkatchedwa Roberts. Ndiwo makomboni, ndipo pamapu a boma sankaoneka.

Akatswiri a welofeya a nthawi imeneyo ankachokera ku Britain ndi ku South Africa. Munthu wakuda wa kuno wofuna maphunzirowa ankayenera kulowera ku Johannesburg, ku Jan Hofmeyr School of Social Work, sukulu imene inatsegulidwa mu 1941 ndipo inaphunzitsapo Joshua Nkomo, Eduardo Mondlane ndi Winnie Madikizela. Ulamuliro wa tsankho utakhwima, sukuluyo inatsekedwa mu 1960. Khomo la kumwera litatsekeka, la ku Lusaka linatseguka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ufulu uli pafupi, koleji ya ku Ridgeway inayamba kulandira ophunzira, akuda ndi oyera m'kalasi limodzi, chinthu chomwe masiku a Chitaganya chinali chachilendo ndithu. Mkulu wake woyamba anali William Clifford, Mngelezi amene anatsogolerapo nthambi ya boma ya welofeya m'dzikomo, katswiri wa za umbanda ndi ana olakwira malamulo, yemwe pambuyo pake anakagwira ntchito ku United Nations ndi ku Australia.

Dzina la kolejiyo likunena lokha kumene thumba linachokera. Banja la Oppenheimer ndilo linkayendetsa Anglo American, kampani ya migodi ya kopa ya ku Nchanga, Nkana ndi Bancroft. Pano munthu akhoza kumwetulira pang'ono. Migodi imene inakoka amuna m'midzi, n'kusiya akazi ndi nkhalamba akulima okha, ndiyo inaperekanso dzina ndi chuma ku sukulu yophunzitsa anthu kumanga mabala a kusamukako. Sindikunena kuti mphatsoyo inali yoipa. Ndikungoti tidziwe mwini mbale.

Koleji yodziimira payokha sinakhale nthawi yaitali. Mu 1963 komiti yotsogoleredwa ndi Sir John Lockwood inalangiza kuti dzikolo likhale ndi yunivesite yakeyake. Kusowa kwake kunali koonekeratu: pa ufulu wa 1964, anthu akuda a ku Zambia okhala ndi digiri anali ongopitirira pang'ono 100. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa University of Zambia mu 1965, ndipo mu Malichi 1966 ophunzira oyamba 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway, pomwe nyumba za ku Great East Road zinali zisanamangidwe. Mu Julaye chaka chomwecho Pulezidenti Kenneth Kaunda anavekedwa ukulu wa yunivesiteyo n'kuyala mwala wa maziko a malo atsopanowo. Koleji ya Oppenheimer inamezedwa, maphunziro ake n'kulowa mu School of Humanities and Social Sciences. Dipuloma inakula kukhala digiri ya zaka zinayi. Dipatimenti yake inakhala zaka zambiri pansi pa dzina la Social Development Studies, ndipo lero imatchedwa Social Work and Sociology.

Kusamukira ku Great East Road kunachita chinthu chimene sindikhulupirira kuti olemba mapulani anachiganizira. Kunaika sukulu ya a welofeya khomo ndi khomo ndi Kalingalinga. Kuseri kwa mpanda wa yunivesite kunali komboni ya nyumba za dothi, yopanda chilolezo, ndipo chapatsogolo pake panali Mtendere, imene boma linatsegula mu 1967 n'cholinga choti anthu a m'makomboni ngati Kalingalinga asamukireko n'kudzimangira nyumba pamapuloti opimidwa. Ena anapita, ena anakana, ndipo m'malo mwa opitawo munalowa atsopano. Wophunzira amene m'mawa wamva za umphawi m'Chingelezi, madzulo ankatha kuwoloka n'kukauona ukuphika ndiwo.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene kanabwera ku Ridgeway kanali kakuthwadi, koma kanasulidwira mutu wina. Njira yaikulu ya m'mabuku a ku Britain ndi America inali yothandiza munthu mmodzimmodzi: wovutika alowe mu ofesi, atseke chitseko, afotokoze zakukhosi, katswiri alembe m'faelo n'kumutumiza kumene kuli thandizo. Njirayi imayenda kumene boma lili ndi ndalama za osowa ntchito, nyumba za okalamba ndi zipatala zokwanira. Nanga ku George, kumene mabanja mazanamazana analibe mpopi, katswiri akanatumiza munthu kuti? Vuto la mayi wa ana asanu silinali m'mutu mwake ayi. Linali la msewu wonse, ndipo mayiyo sakanabwera yekha ku ofesi. Akanabwera ndi mlamu wake, ndi azakhali a ana, ndi tcheyamani wa chipani, aliyense ali ndi mawu pankhaniyo.

Clifford mwini anaona kusiyanaku, moti mu 1966 anatulutsa buku lophunzitsira njira ya munthu mmodzimmodziyo poganizira za mu Africa. Aphunzitsi a m'maiko osiyanasiyana anapanga bungwe la ASWEA ku Addis Ababa mu 1971, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali yomweyi. Mu 1981 James Midgley analemba buku lotchedwa Professional Imperialism, lodzudzula kutengera maphunziro a kumpoto osawasefa. Koma ine ndimaona kuti mphunzitsi amene anakhotetsadi ntchitoyi mu Lusaka sanali wa mabuku. Anali makomboni eni ake, makamaka m'zaka za m'ma 1970.

Ufulu utachotsa malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni, Lusaka inafufuma. Kalembera wa 1969 anapeza anthu pafupifupi 262,000, wa 1980 anapeza oposa 500,000. Boma linayesa kugumula, anthu n'kumamanganso usiku. Mu 1974 linagonja mwanzeru: linakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni ena avomerezeke, eni nyumba n'kupatsidwa chiphaso chokhalira pamalopo zaka 30. Chaka chomwecho World Bank inabwereketsa madola 20 miliyoni kuti George, Chawama, Chaisa ndi Chipata zikonzedwe pomwe zilipo. Khonsolo inatsegula ofesi yapadera, Housing Project Unit, ndipo bungwe la UNICEF pamodzi ndi a Quaker a ku America linathandiza kuphunzitsa alangizi a chitukuko oyenda m'makomboni.

Ntchito ya alangiziwo ndi imene ndikufuna tiione bwino. Msewu woti udutse m'komboni umafuna kuti nyumba zina zigwe. Injiniya akanatha kungolemba mzere papepala. M'malo mwake alangizi, atsogoleri a chipani cholamula cha UNIP a m'deralo ndi anthu eni ake ankayenda wapansi, kuloza pamene msewu udutse, kukangana, kukhotetsa mzere kuti upewe tchalitchi kapena chitsime. Ogumulidwa nyumba ankapatsidwa mapuloti chapafupi, monga ku Lilanda kwa a ku George. Mpopi umodzi unkaikidwa pa nyumba pafupifupi 25, kutsata magawo a chipani. Sizinayende zonse. Anthu ambiri sanalipire ngongole ndi ndalama za madzi, mipopi ina inauma. Kanyama, yokhala pathanthwe losamwa madzi, inasiyidwa kunja, ndipo chigumula cha mu 1978 chinagwetsa nyumba n'kusiya anthu zikwizikwi pamtetete. Kalingalinga inadikira mpaka m'ma 1980, pamene bungwe la ku Germany la GTZ linathandiza kuikonza. Komabe aliyense woona anazindikira kuti luso lofunika m'komboni ndi loitanitsa msonkhano, kumvetsera mpaka dzuwa kupendeka, ndi kudziwa amene mawu ake amamveka ngakhale alibe udindo.

Kenaka thumba linabooka. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ngongole zinakula, ndipo mu Juni 1990 kukwera kwa mtengo wa ufa kunabutsa zipolowe mu Lusaka. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, makampani aboma anagulitsidwa, anthu anachotsedwa ntchito, zipatala zinayamba kulipiritsa. Yunivesite nayo inaonda: aphunzitsi ambiri anapita ku Botswana, South Africa ndi kutsidya kwa nyanja, mabuku a m'laibulale anakalamba pashelefu.

Pamwamba pa zonsezi panagwa Edzi. Mu 1987 Kaunda anauza dziko lapansi kuti mwana wake Masuzyo anafa ndi matendawa, koma m'makomboni anthu ankangoti wadwala nthawi yaitali. Agogo anatsala ndi zidzukulu. Achibale a mwamuna ankabwera pamaliro ndi galimoto yonyamulira katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 linagawa momveka: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena odalira malemu. Koma lamulo lili m'buku silitseka chitseko cha mayi wamasiye ku Chawama, pafunika munthu wokaima naye pakhomo. Apolisi anatsegula Victim Support Unit m'zaka za m'ma 1990. Mabungwe anaphuka: Kara Counselling, Fountain of Hope ya ana a mumsewu ku Kamwala, hosipisi ya ku Kalingalinga, masisitere a Mother Teresa ku Mtendere. Omaliza digiri ya welofeya ambiri anapeza ntchito m'mabungwe otere m'malo mwa boma, ndipo ophunzira anapeza malo atsopano ochitirako atachimenti.

Mawu akuti atachimenti ndi amene wophunzira aliyense wa ntchitoyi amawatchula ndi mantha osakaniza ndi chimwemwe. Ndi nthawi imene amachoka m'kalasi n'kukaikidwa pansi pa katswiri wogwira kale ntchito, supavaiza. Njira zake n'ziwiri padziko lonse: kupita masiku ena pasabata uku ukuphunzira, kapena kusiyiratu kalasi kwa masabata angapo otsatizana. Maiko ena anachita kuika muyeso. Ku America wa digiri yoyamba amafunika maola osachepera 400, wa digiri yachiwiri 900. Mu Lusaka malo ake ndi ofesi ya welofeya ya boma, makhoti, UTH, chipatala cha amisala cha Chainama, Matero After Care Centre kumene kumasungidwa osowa kolowera, ndi mabungwe aja.

Tiyeni timutsatire mmodzi, aliyense wa iwo, tsiku la mvula ku Kanyama. Watsika minibasi, nsapato zili m'manja. Nyumba zilibe manambala oti mlendo n'kuwatsata, choncho akutsogoleredwa ndi mayi wa m'komiti ya CWAC, anthu odzipereka a m'deralo amene amathandiza boma kupeza ovutikitsitsa. Mayiyu mwina sukulu anailekeza ku pulayimale, koma amadziwa khomo limene dzulo sanasonkhe moto. Afika. Wophunzira uja, pofuna kuoneka wakhama, watulutsa kale fomu. Mayi wa komiti amugwira mkono: “Mwanangu, bwezerani kaye pepalalo m'chikwama. Odi kuno, ambuya!” Moni atenga nthawi yake. Afunsana za miyendo, za mvula, za maliro a kuseri. Pepala lituluka pambuyo.

Ndiye fomu ifunsa: pakhomo pano mumakhala anthu angati? Ambuya awerenga asanu ndi awiri, kenaka akumbukira mdzukulu amene amagona pano koma amadya kwa azakhali ake, ndi wina amene amadya pano koma amagona kumsika. Mumapeza ndalama zingati pamwezi? Funso la munthu wa malipiro limenelo. Pano ufa amagula wa pamela, kathumba ka tsiku limodzi. Ndalama imalowa mwana akagulitsa tomato pakantemba, imatuluka kupita ku chilimba, ndipo mwezi ukavuta amakatenga kaloba kwa wokongoza wa chiwongoladzanja choopsa. Ku Kalingalinga yankho likhoza kukhala milu ya miyala imene mayi waphwanya ndi hamala m'mbali mwa msewu. Buku linamuuza wophunzirayo kuti nkhani za wothandizidwa n'zachinsinsi. Chipinda n'chimodzi, khoma silifika kudenga, landilodi wakhala pakhonde akusenda mbatata, makutu ali kuno. Aphunzira kufunsa zovutazo poperekezedwa kunjira.

Pali ndi nkhani ya chilankhulo. Zonsezi zimachitika m'Chinyanja cha mu Lusaka, chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingelezi, koma lipoti limalembedwa m'Chingelezi cha kuyunivesite. Pakati pa ziwirizi pamatayika zambiri. Mayi akati mwanayu ndi wanga, mwanayo akhoza kukhala wa malemu mng'ono wake, ndipo sakunama. Wophunzira akalemba molakwa m'lipoti lopita kukhoti, majisitireti akhoza kutumiza mnyamata kumalo osungirako ana olakwa, ku Nakambala ku Mazabuka kapena ku Katombora, pomwe panali amalume okonzeka kumulera. Apa ndiye pamafunika supavaiza wokhala pansi ndi wophunzira, kuwerenga lipoti mzere ndi mzere, kumufunsa kuti unaona chiyani, unamva chiyani, nanga n'chiyani wangoganiza.

Ndipo apa ndi pamene pali bala. Supavaiza wa ku ofesi ya boma amakhala ndi milandu ya ana, mikangano ya mabanja, ndiponso kaundula wa ndalama zothandizira osauka, pulogalamu imene inayambira ku Kalomo mu 2003 n'kufalikira dziko lonse, mofanana ndi Mtukula Pakhomo imene a ku Malawi anaiyambira ku Mchinji mu 2006. Nthawi yophunzitsa mwana wa eni aipeza kuti? Masukulu ophunzitsa ntchitoyi nawo achuluka, aboma ndi a anthu, kuyambira Mulungushi University mpaka makoleji ang'onoang'ono, onse akutumiza ophunzira kumakomo omwewo. Zotsatira zake zimadziwika: wophunzira wina amatha atachimenti yonse akusanja mafaelo ndi kutumidwa kukagula zakumwa, n'kubwerera ndi fomu yosainidwa bwinobwino. Ya minibasi kawirikawiri imachokera m'thumba la makolo. Mwana wa m'komboni, amene chilankhulo ndi njira zake amazidziwa kale, ndi amene amavutika kwambiri kulipira ulendo wokaphunzira za kwawo.

Za digiri yachiwiri nkhani yake ndi yaifupi. Kwa zaka zambiri wofuna kupitirira ankachoka m'dziko, ndipo si onse ankabwerera. Ndangwa Noyoo, amene analemba buku la za welofeya m'Zambia, anatenga digiri yoyamba ku University of Zambia, yachiwiri ku Cambridge, ya udokotala ku Witwatersrand, ndipo anakaphunzitsa ku Cape Town. Lero yunivesite ya ku Great East Road imaphunzitsa digiri ya masitazi pantchitoyi, ndipo ambiri oitenga ndi anthu ogwira kale ntchito. Kafukufuku wawo wambiri amachitikira m'makomboni omwewa. Si zachilendo: Ann Schlyter wa ku Sweden anatsata nyumba za ku George kwa zaka makumi angapo, Karen Tranberg Hansen anayamba kucheza ndi mabanja a ku Mtendere mu 1971. Chondidetsa nkhawa n'chakuti digiri yachiwiri imakonda kukweza munthu kumuchotsa m'matope kupita naye ku ofesi ya kumayadi, kukalemba mapulani ndi malipoti a opereka ndalama. Ikanayenera kutulutsanso masupavaiza, anthu ophunzitsidwa mwadala kuphunzitsa ena pakhomo la ambuya paja. Ambuya a ku Kanyama ayankha mafunso a ofufuza ambirimbiri, ndipo sindikudziwa ngati pali amene anabwerera kukawauza, m'Chinyanja, zimene anapeza.

Chaka cha 2022 chinabweretsa malamulo awiri amene asintha kulemera kwa ntchitoyi. Loyamba linapatsa mphamvu bungwe la Social Workers' Association of Zambia kuti lizilembetsa akatswiri ndi kupereka ziphaso, kuti asamangodzuka aliyense n'kudzitcha wa welofeya. Lachiwiri, Children's Code Act, linasonkhanitsa malamulo a ana pamodzi, linachotsa lamulo lakale la m'nthawi ya atsamunda, ndipo m'chaka chomwecho zaka zimene mwana angaimbidwe mlandu zinakwezedwa kuchoka pa 8 kufika pa 12. Lamuloli limafuna wa welofeya pafupifupi paliponse pamene mwana wakumana ndi polisi kapena khoti. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni mu Lusaka, ambiri a iwo m'makomboni. Kolera wa 2017 mpaka 2018 anasautsa Chipata ndi Kanyama, ndipo wa 2023 mpaka 2024 anachititsa kuti bwalo la mpira la National Heroes lisanduke chipatala. Pa bedi lililonse lotsala lopanda munthu panali banja lofunika wina wokaliyendera.

Choncho pempho langa likupita kwa a yunivesite, a unduna wa Community Development and Social Services ndi a bungwe lopereka ziphaso. Popanga bajeti, atachimenti ikhale ndi mzere wakewake: ya minibasi ya wophunzira, maphunziro ndi kangachepe ka supavaiza, ndi mafuta oti mphunzitsi atuluke pa Great East Road kukaona wophunzira wake kumene wamutumiza. Amayi a CWAC aja nawo aitanidweko m'kalasi, akhale kutsogolo. Ndipo inu a ku Malawi, a ku Magomero, ku Nguludi ndi ku Zomba, amene mukuphunzitsa ntchito yomweyi n'kumatumiza ana ku Ndirande ndi ku Mtandire, musadikire kuti bala lomweli likule kwanu musanalimange.